Mapiri akutuluka aang'ono, anthu a pasiteshoni akutuluka mwachimbuuzi: ndisinthe pati?

Kachule_J

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi kamera ya mirrorless ya sensor (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) ya saizi ya APS-C, ndi malenzi awiri: 18-55mm ija imabwera ndi kamera, ndi 55-200mm yomwe nthawi zambiri imangogona m'chikwama. Foni nayo ndimajambulira. Chomwe ndikufuna n'kumajambula zimene munthu amadutsa tsiku ndi tsiku popita kuntchito kapena paulendo: mapiri a m'mbali mwa msewu, ndi anthu okwera basi ndi sitima.

Koma zikundikanika. Phiri lomwe ndi maso limadzaza thambo, pachithunzi likutuluka ngati chulu, lotuwa mbuu. Ndikajambulira pazenera la basi mukumalowa zithunzithunzi za mipando ndi malaya a anthu, mapolo a magetsi n'kumaoneka opendekeka. Pasiteshoni m'mamawa anthu akutuluka mwachimbuuzi, ndipo zithunzi zina zikumabwera ndi mizere yakuda yopingasa. Kamera imakhala pa Auto. Kodi vuto ndi zipangizo, ndigule lenzi ina, kapena pali poti ndisinthe? Chonde mundipatse manambala enieni oti ndikayese.

Dzuwa16

Musagule kanthu, achimwene. Lenzi yomwe mukuifuna ndi imene ikugona m'chikwamayo.

Kuchepa kwa phiri ndi masamu chabe. Tiyerekeze phiri lotalika mamita 1,000 kuchokera pamene mwaima, lili pamtunda wa makilomita 10. Kuchokera patsinde kufika pansonga, phiri limenelo limatenga madigiri osakwana 6 a zomwe diso likuona. Tsono lenzi yanu ikakhala pa 18mm imameza madigiri pafupifupi 48 kuchokera pansi kufika pamwamba pa chithunzi, ndipo kamera yaikulu ya foni zambiri imameza oposa 50. Ndiye kuti phiri lija likungopeza kachigawo kamodzi mwa zigawo 8 kapena 9 za msinkhu wa chithunzi. Kwina konseko ndi msewu, mawaya ndi thambo. Munthu ukaima panja maso amasankha phirilo n'kuiwala zinazo, pamene kamera imatola zonse mosakondera.

Ikani 55-200mm ija. Pa 100mm phiri lomwelo lidutsa theka la chithunzi. Pa 135mm lingotsala pang'ono kudzaza. Pa 200mm lisefukira, muzichita kusankha mbali imodzi, kaya ndi thanthwe, kaya ndi pamene mtambo wagunda nsonga.

Koma chimene chimapangitsa phiri kuoneka loopsa ndi chinthu chomwe chili patsogolo pake, ndiponso mtunda wa pakati pa inu ndi chinthucho. Munthu wamtali mamita 1.7 akaima mamita 5 kuchokera pa inu, pachithunzi amaposa phiri lija katatu. Munthu yemweyo akakhala pa mamita 50, phiri ndi lomwe limamuposa pafupifupi katatu. Choncho mukaona pokwerera basi, nyumba kapena gulu la anthu oyenda pansi, phiri lili kumbuyo kwawo, musawayandikire. Bwererani m'mbuyo mamita 50 kapena 100, kenako muwakoke ndi zoom. Anthu amati lenzi yaitali imapanikiza zinthu pamodzi, koma chimene chagwira ntchito pamenepo ndi miyendo yanu. Lenzi yangodula zosafunika za m'mbali. Apa mpamene nkhani zanu ziwirizi zimakumanirana, chifukwa chithunzi cha anthu opita kuntchito phiri litawaimirira kumbuyo chimaposa cha phiri lokhalokha.

Manambala ake ndi awa. Ikani kamera pa A, kapena Av ngati ndi Canon, aperture (kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi) f/8, ISO (mlingo wa mmene kamera ikumvera kuwala) 100 kapena 200 kukakhala kowala. Muziyang'ana shutter (kachigawo ka sekondi komwe kamera imatsegukira kuwala) kuti isatsike kuposa mlingo wa lenzi kuchulukitsa ndi 1.5: pa 100mm isachepere 1/160, pa 200mm isachepere 1/320. Ikatsika kwezani ISO osanyinyirika. Ngati lenzi kapena kamera ili ndi stabilization (yochepetsa kunjenjemera kwa dzanja) mutha kutsikirako kawiri kapena katatu, koma pamphepo musaidalire kwambiri.

Kutuwa kuja ndi mpweya. Pakati pa inu ndi phiri pali makilomita 10 a fumbi, utsi ndi chinyezi, ndipo zonsezi zimamwaza kuwala, makamaka kwa buluu. Kamera yodula bwanji singachotse zimenezo. Chimene chimathandiza ndi nthawi. Mvula ikangokata mpweya umakhala wotsukika. M'mamawa, dzuwa lisanatenthetse nthaka n'kuyamba kukweza fumbi, kumakhala bwino kuposa masana. Dzuwa likafika paliwombo mithunzi ya m'zigwa imatha, phiri n'kungooneka lafulati, komanso mpweya wotentha wochokera pa tala umavinitsa chilichonse chakutali. Mukajambula pa 200mm nthawi imeneyo m'mphepete mwa zinthu mumatuluka mokhotakhota, ndipo zimenezo sizikonzeka pakompyuta.

Kuwala kwabwino ndi kochokera chammbali, dzuwa lili paphewa lanu lamanja kapena lamanzere, chifukwa ndi kumene kumaonetsa makwinya a phiri. Dzuwa limayenda madigiri 15 pa ola, ndipo kumadera oyandikira equator limakwera mowongoka, moti kuwala kofewa kwa m'mawa sikuchedwa kutha. Mbali ya phiri yoyang'ana kum'mawa muijambule m'mawa, yoyang'ana kumadzulo madzulo. Pa ma app monga PhotoPills kapena The Photographer's Ephemeris mutha kuona pamapu komwe dzuwa lidzakhale pa ola lililonse. Poti njira yanu ndi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, mungofufuza kamodzi basi.

Chifunga nachonso musachithawe nthawi zonse. Mapiri akandandalikana, lina kumbuyo kwa linzake, yang'anani chakudzuwa, tsitsani exposure (kuwala kwa chithunzi) ndi -1, ndipo phiri lililonse lidzatuluka ndi mtundu wakewake, lapafupi lakuda, lakutali lotuwa. Pamenepo chifungacho ndiye chikupanga chithunzi.

NaJere

Za phiri a Dzuwa16 amaliza. Ine ndinenepo za pazenera.

Zithunzithunzi za mipando zimabwera chifukwa galasi likubweza kuwala kwa m'kati mwa basi kulowetsa mu lenzi. Lenzi ikatalikirana ndi galasi ndiye zimachuluka. Yandikizani lenzi mpaka patsale ngati sentimita imodzi, koma chitsulo kapena pulasitiki ya lenzi isakhudze galasi, chifukwa kunjenjemera konse kwa injini kudzalowa m'chithunzi. Chigongono nachonso chisatsamire chitseko kapena mpando wakutsogolo. Chifinyeni pathupi panu, thupi ndi lomwe limameza kugwedera. Pali hood (chotchinga cha kutsogolo kwa lenzi) ya labala yopindika, yotsika mtengo, imene mutha kuigunditsa pagalasi osavuta. Popanda imeneyo, phimbani mpata wa pakati pa lenzi ndi galasi ndi dzanja lamanzere kapena chipewa chakuda. Malaya owala amaoneka pagalasi kuposa akuda. Flash ikhale yothima.

Lozani lenzi molunjika galasi. Mukaipendeketsa kuti muone kutsogolo kapena kumbuyo, kuwala kumadutsa m'galasi mwachammbali, zobwezedwa zija zimachuluka ndipo chithunzi chimafewa. Bola kudikira kuti phiri lifike pambali panu penipeni. Khalani mbali imene kulibe dzuwa, chifukwa dzuwa likamenya zenera, fumbi lililonse ndi kukalika kulikonse zimawala. M'basi, mipando ya pakati pa mateyala akutsogolo ndi akumbuyo imadumpha pang'ono poyerekeza ndi ya kumbuyo kwenikweni. Ndipo pukutani galasilo m'kati musananyamuke, mafuta a tsitsi ndi a zala amakhala pomwepo pamene mukufuna kuika lenzi.

Tsopano liwiro. Basi yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi. Pa 1/1000 imakhala itasuntha masentimita awiri okha shutter ili yotsegula. Kwa phiri lomwe lili makilomita 10 masentimita awiri si kanthu, koma kwa chitsamba chomwe chili mamita 5 kuchokera pazenera ndi okwanira kuchipaka. N'chifukwa chake chithunzi cha m'basi chimatuluka kumtunda kuli bwino, kunsi kuli kopakika. Musalimbane ndi zapafupizo: kwezani kamera pang'ono kuti zisalowe, kapena dikirani pamlatho, pachitunda kapena pamene msewu wadutsa m'mbali mwa chigwa, pomwe palibe chilichonse chapafupi. Mdani weniweni wa phiri ndi mabampu. Ikani kamera pa S kapena Tv, 1/1000 kupita m'mwamba, ISO pa Auto, ndipo musapyole 70 kapena 100mm. 200mm m'basi yoyenda ndi kungotaya nthawi. Aperture ya f/4 mpaka f/5.6 ndi yabwino pano, chifukwa imabisa litsiro la pagalasi, pamene f/11 imaliulula.

Focus imakonda kukakamira pagalasi, makamaka likakhala ndi madontho a mvula. Basi itaima, tengani focus pa chinthu chakutali, kenako sinthani kupita pa manual kuti isasunthenso. Mukasintha zoom muibwerezenso. Pafoni, dinani paphiri n'kugwiritsitsa chala mpaka focus ndi exposure zitatsekeka.

Mapolo opendekeka aja ndi rolling shutter. Sensor siwerenga chithunzi chonse kamodzi. Imawerenga mzere ndi mzere kuchokera mbali imodzi kufika ina, ndiye pamene ikufika mzere womaliza, polo uja wasuntha kale. Kukweza liwiro la shutter sikuchiza zimenezi. Pakamera, chotsani silent kapena electronic shutter, mubwerere ku mechanical, ija ya timakatani tenitene totseguka ndi kutseka. Pafoni mulibe shutter ina, choncho kungopewa zinthu zoimirira zapafupi. Jambulani pa burst, zithunzi 5 kapena 6 motsatizana, chimodzi chimapezeka kuti chagwera pampata wa pakati pa mapolo.

Mazenera ambiri ali ndi mtundu wobiriwirako kapena wa buluu. Mukajambula RAW (fayilo yomwe kamera sinaikonze) mukawongola white balance (mtundu wa kuwala) kunyumba mosavuta. Ndipo zenera likakhala lotsegula musatulutse mkono kapena lenzi kunja. Nthambi, galimoto yodutsana nanu ndi akuba, zonse zimafika musanaganize. Lamba wa kamera azikhala wokulunga padzanja.

Mpondamatiki

Za anthu a pasiteshoni, wolakwa ndi Auto. Kukakhala kamdima, Auto imatsitsa shutter kufika 1/30 kapena 1/60, chifukwa imangowerengera kunjenjemera kwa dzanja lanu, sidziwa kuti anthuwo akuyenda. Munthu woyenda bwinobwino amadutsa pafupifupi mamita 1.4 pa sekondi. Pa 1/30 wasuntha masentimita pafupifupi 5, nkhope yapakika. Pa 1/250 wasuntha mamilimita 6 okha. Stabilization pano ilibe ntchito: imaimitsa dzanja lanu, osati munthu.

Ndiye woyenda pansi 1/250, wothamangira basi kapena wapanjinga wodutsa chopingasa 1/500 mpaka 1/1000, woima kapena wokhala m'sitima 1/125. Munthu wobwera molunjika inu amaimitsika mosavuta kuposa wodutsa chammbali. Njira yachidule ndi kuika kamera pa M, shutter 1/250, aperture f/4 kapena f/5.6, ISO pa Auto mpaka 6400. Timadontho ta noise tichuluka, inde, koma chithunzi cha timadontho chimakonzeka ndithu, chopakika sichikonzeka. Dziwaninso kuti 18-55mm yanuyo imatsegula f/3.5 pa 18mm koma f/5.6 yokha pa 55mm, kotero kukada muzikhala cha ku 18 mpaka 24mm n'kuyandikira ndi miyendo.

Pagulu la anthu autofocus imasokonezeka, imagwira phewa la wapafupi pamene inu mukufuna nkhope ya wachitatu. Akale ankaika focus pasadakhale, ndipo njirayo ikugwirabe ntchito. Pa 18mm ndi f/8, ikani focus ya manual pa mamita 2: chilichonse kuyambira mita imodzi mpaka kutali chituluka bwino. Pa 23mm ndi f/5.6, focus pa mamita 3, mupeza kuyambira pafupifupi mamita 2 mpaka 8. Mukatero simudikiranso kamera, mumangodina.

Koma chachikulu n'chakuti musamathamangitse anthu. Pezani malo pomwe kuwala kukulowa bwino, monga pakhomo la siteshoni, pamasitepe, kapena pamene dzuwa la m'mawa likudutsa pampata wa denga n'kugwera pansi. Konzani chithunzi chonse pasanabwere munthu, yezani kuwala pamalo owalawo kuti kumbuyo kude, kenako imani phee mudikire wina alowemo. Anthu a paulendo amayenda njira zodziwika: sitima ikafika khamu limatuluka, pakapita mphindi ziwiri kumatsala mmodzimmodzi, ndipo otsalirawo ndi amene amapereka zithunzi zoyera. Yang'ananinso manja ogwira chitsulo cha m'basi, mapazi pokwera, nkhope yomwe ili kuseri kwa zenera la mame. Si chithunzi chilichonse chimafuna munthu wathunthu.

Mizere yakuda ija ndi magetsi. Machubu a fluorescent ndi mababu ambiri a LED amaphethira kawiri pa kuzungulira kulikonse kwa magetsi: ka 100 pa sekondi m'maiko a 50 Hz, monga a mu Africa ndi ku Ulaya, ka 120 m'maiko a 60 Hz monga United States ndi Canada. Diso siliona, koma electronic shutter yowerenga mzere ndi mzere imagwira mizere ina nyali itawala, ina itazirala. Mankhwala oyamba ndi omwe anena a NaJere, mechanical shutter. Achiwiri ndi kufananitsa shutter ndi magetsiwo: 1/100 kapena 1/50 kwa 50 Hz, 1/125 kapena 1/60 kwa 60 Hz. Apa pali kukokanakokana, chifukwa 1/100 siimitsa woyenda chopingasa. Mungasankhe anthu oima ndi obwera molunjika, kapena mukhale pa 1/250 ndi mechanical shutter n'kuyatsa anti-flicker ngati kamera ili nayo. Popanda anti-flicker muona kuti chithunzi china chawala, chotsatira chaderako kapena chasintha mtundu. Zikwangwani za LED zolemba nthawi ya sitima zimaphethira mwa njira yawoyawo, ndipo kuti malemba atuluke athunthu pamafunika kutsika mpaka 1/60 kapena 1/30.

Kupakika kuja muthanso kukupanga dala. Tsamirani chipilala, shutter 1/8 kapena 1/4, lozani munthu mmodzi woima chilili pamene khamu likumudutsa: iye atuluka bwino, enawo akhala mikwingwirima. Kwa njinga kapena basi yodutsa, shutter 1/30 mpaka 1/60, mapazi asasunthe, muzitembenuka ndi chiuno kutsatira chinthucho, dinani muli m'kati motembenuka ndipo musaime mutadina. Zambiri zimalephereka, n'chimodzimodzi kwa aliyense. Masana 1/8 sitheka popanda ND filter, galasi lakuda lochepetsa kuwala kolowa mu lenzi. Padzuwa lowala, ISO 100 ndi f/16 zimafuna shutter ya pafupifupi 1/100, ndiye kuti mufike pa 1/8 ndi f/8 mufunika ND64, yomwe imadula ma stop 6 (stop iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka).

Kachule_J

Zikomo kwambiri nonse, izi ndiye ndimafuna. Funso lina: ena amati chifunga cha paphiri chimatha ndi UV filter, ena akuti polarizer. Ndigule iti? Komanso ndinawerenga kuti pojambula malo ndiziika f/22 kuti zonse zioneke bwino, koma a Dzuwa16 mwati f/8. Nanga anthuwa, ndiziwapempha kaye kapena ndizingojambula?

Dzuwa16

UV filter inkathandiza nthawi ya filimu, chifukwa filimu inkamva kuwala kwa UV. Sensor ya digito ili kale ndi kagalasi kotchinga kuwalako patsogolo pake, choncho UV filter lero ndi chotetezera lenzi ku fumbi ndi zala basi. Yotchipa imawonjezera timizukwa ta kuwala mukayang'ana chakudzuwa kapena nyali za pasiteshoni usiku.

Polarizer, ija amailemba CPL, imagwira ntchito ndithu, koma ili ndi malire. Imachotsa kuwala kwina komwazika mumpweya ndi kunyezimira kwa pamasamba, pamiyala yonyowa ndi pamadzi, ndiye thambo limadera, zobiriwira n'kukhwima. Mphamvu yake imakhala pamene dzuwa lili chammbali, madigiri 90 kuchokera komwe mwaloza. Dzuwa likakhala kutsogolo kapena kumbuyo kwanu, siichita zambiri. Muziizungulitsa pang'onopang'ono mukuyang'ana, ndipo musaifikitse pamapeto penipeni, makamaka pamalo okwera pomwe thambo ndi lakuda kale, kuopa kuti lingasanduke bii. Pa 18mm imadetsa thambo mbali imodzi n'kusiya inayo yotuwa, choncho imakoma pa lenzi yaitali. Imadyanso kuwala kwa stop imodzi ndi theka kapena awiri: pomwe munali pa 1/500 mutsikira cha pa 1/160 kapena 1/125. Utsi wochuluka kapena fumbi lokhuthala siingalichotse. Musanagule, onani nambala yomwe ili kutsogolo kwa lenzi kapena kuseri kwa chivindikiro, monga 52, 55 kapena 58. Malenzi anu akasiyana, gulani ya yaikuluyo ndi step-up ring (kamphete kolumikizira filter yaikulu ku lenzi yaing'ono) ya inayo.

f/22 musiyeni. Kabowo kakachepa kwambiri kuwala kumapindika m'mphepete mwake, amati diffraction, ndipo chithunzi chonse chimafewa. Pa APS-C zimayamba kuoneka mukapyola f/11. Phiri lili kutali, lonse lili pamtunda umodzi kwa lenzi, silifuna f/22. f/11 ndi ya pamene pali mwala kapena duwa pafupi lomwe mukufuna lioneke bwino pamodzi ndi phiri. Komanso f/22 imaulula fumbi lonse la pa sensor ngati madontho pathambo.

NaJere

Ndiwonjezere pa CPL: m'basi ndi m'sitima ichotseni. Ena amalangiza kuti imachotsa zithunzithunzi za pagalasi, ndipo n'zoona ukaima chapatali n'kuyang'ana galasi mwachammbali. Koma inu mwaloza molunjika, pomwe siichotsa kanthu, ndipo yakudyerani kuwala komwe mumafuna kuti mufike pa 1/1000. Kuwonjezera apo, magalasi olimbitsidwa a m'galimoto amaonetsa mawangamawanga mukawayang'ana kudzera mu polarizer, ndipo mazenera a pulasitiki a m'ndege amatulutsa mitundu ya utawaleza.

Gogo_Lenzi

Ana anga mwayankha bwino, koma pa ISO Auto ndisiyana nanu pang'ono pankhani ya mapiri. Mita ya kamera imafuna kuti chilichonse chikhale chotuwa chapakatikati. Mukailoza ku nkhungu, ku mitambo yoyera kapena ku chipale chofewa, imadetsa chithunzi, choyera n'kutuluka chaphulusa. Pamenepo kwezani exposure ndi +1, nthawi zina +1.5. Mukailoza kuphiri lakuda la mitengo imachita zosiyana: imawalitsa, thambo n'kupsa mbee, ndipo thambo lopsa silibwereranso. Choncho kaya ndi Auto kaya ndi chiyani, yatsani histogram (kagirafu koonetsa zakuda kumanzere, zowala kumanja) ndi chenjezo lija lophethira pamalo opsa. Mulu wa histogram uyandikire kumanja koma usagunde khoma. Jambulani RAW: imasunga ma bit 12 kapena 14 pamene JPEG imasunga 8, ndiye mithunzi mutha kuidzutsa pambuyo pake. Kusiyana kukakula kwambiri, monga dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri, tengani zitatu, -2, 0 ndi +2, muziphatikize pakompyuta. M'basi yoyenda zimenezi sizitheka, tetezani thambo basi.

Pokonza, Dehaze (chochotsera chifunga) ya mu pulogalamu ya Lightroom, yomwe inabwera mu 2015, imathandiza koma ndi yaukali. Mukaikoka kwambiri mithunzi imasanduka ya buluu wonyansa, noise imadzuka, ndipo m'mphepete mwa phiri mumabwera kamzere kowala. Ikani pang'ono, paphiri pokha ndi mask (chosankhira mbali imodzi ya chithunzi), osati pachithunzi chonse, kenako tenthetsani white balance pang'ono. Darktable ndi RawTherapee ndi zaulere ndipo zili ndi chida chofanana. Chifunga chikakana, sinthani chithunzi chikhale cha black and white n'kutsitsa buluu. Si nzeru yatsopano: wojambula wa ku America Ansel Adams anajambula thanthwe la Half Dome ku Yosemite mu 1927 ndi filter yofiira kwambiri kuti thambo lide, thanthwe lionekere.

Za kupempha anthu. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo masiteshoni ambiri, madepoti ndi mabwalo a ndege ali ndi malamulo awoawo, makamaka pa tripod ndi flash. Flash yolunjika sitima yomwe ikubwera imathobwa woyendetsa, musayerekeze. Malo a asilikali, a apolisi ndi a m'malire a maiko, kamera ibwerere m'chikwama. Kupatula lamulo, pali ulemu. Khamu lojambulidwa chapatali, misana, mithunzi, manja, palibe amene angadandaule. Koma nkhope ya munthu mmodzi ikadzaza chithunzi, mupempheni, kapena mukatha muonetseni, akakana fufutani pomwepo osakangana. Ana musajambule popanda kholo. Wogona m'basi kukamwa kuli yasa, wodwala, wolira, asiyeni, ngakhale chithunzicho chikanakoma bwanji. Alipo amene amatchula Walker Evans, yemwe pakati pa 1938 ndi 1941 ankajambula okwera sitima za pansi pa nthaka ku New York kamera ataibisa m'jekete. N'zoona, koma zithunzizo zinatuluka m'buku mu 1966, patadutsa zaka zoposa 20. Inu chanu chikhala pa Facebook madzulo omwewo, munthuyo akadali ndi malaya omwewo. Kubisa kamera kumakupangitsaninso kuoneka ngati wakuba. Woima poyera kamera ili m'manja, anthu amamuzolowera pakapita mphindi zochepa n'kusiya kumulabadira.

Kusamala zipangizo nakonso. Mukamakwera phiri kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo batire la lithium likazizidwa limaonetsa kuti latha lisanathe. Lapadera lizikhala m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, ndipo lomwe lakomoka mukalifunditsa limadzukanso. Choopsa kwambiri ndi mame. Kamera yozizira ikalowa malo ofunda a chinyezi, monga m'basi yodzaza anthu yotseka mazenera, kapena ikatuluka m'galimoto ya air conditioner kupita panja potentha, madzi amadikha pagalasi ngakhale m'kati mwa lenzi. Musanalowe, ikani kamera m'pepala la pulasitiki lotseka bwino, muisiye momwemo theka la ola kapena ola lathunthu kuti ifunde pang'onopang'ono. Ikachita kale mame musachotse lenzi, ingodikirani iume. Timapaketi ta silica gel m'chikwama timathandiza kuti nkhungu isamere m'malenzi. Posintha lenzi pewani pafumbi la padepoti: thimitsani kamera, kukamwa kwake kuyang'ane pansi, lenzi inayo ikhale yokonzeka kale m'dzanja. Bola kusankhiratu musananyamuke kuti lero ndi tsiku la 55-200mm kapena la 18-55mm.

Mpondamatiki

Agogo anena zoona pa histogram. Ndingowonjezera za foni, poti a Kachule anaitchula. Musamatsine sikirini kuti mukoke phiri. Dinani manambala omwe alembedwa kale, 2x, 3x kapena 5x, chifukwa pafoni zina amenewo ndiwo malenzi enieni, pamene zapakatikati ndi kungodula chithunzi n'kuchikulitsa. Kukachita mdima foni zina zimasiya lenzi yaitali mwakachetechete n'kudula kuchokera ku kamera yaikulu, n'chifukwa chake 3x ya m'bandakucha imaoneka yopakapaka. Night mode imaphatikiza zithunzi zingapo za masekondi angapo: paphiri mutatsamiritsa foni pamwala ndi yabwino, pa anthu oyenda imatulutsa mizukwa. Pa anthu lowani mu Pro mode muike shutter nokha, ndipo ngati foni ya Android ilibe, app ya Open Camera imalola kutero pafoni zomwe zimavomereza. Pukutani kagalasi ka foni musanajambule, kutuwa kwambiri kwa zithunzi za pafoni ndi mafuta a zala.

Potumiza, tulutsani JPEG ya sRGB, mbali yaitali ma pixel 2048, kuti intaneti isachite kuifinya yokha mwachisawawa. Pa WhatsApp tumizani ngati document mukafuna kuti ifike momwe ilili. Koma dziwani kuti document imapita ndi zonse zolembedwa m'kati mwa fayilo, kuphatikizapo malo a GPS ndi nthawi. Pa zithunzi za njira yomwe mumadutsa tsiku lililonse ola lomwelo, thimitsani location mu kamera ya foni, kapena chotsani zimenezo potulutsa fayilo musanaitumize.